Tsiku Limene Amayi Anatsika Kukapepesa Maliro

Ndinali ndi zaka khumi pamene tinkakhala m'zipinda zapamwamba za nyumba ya Mayi Tolliver, mumzinda wa Hamilton ku Canada, chapakati pa zaka za m'ma 1970. Bambo anga anali atapeza mwayi wa maphunziro ku yunivesite ya kumeneko, ndipo amayi ndi ine tinawatsatira kuchokera ku Zomba. Hamilton wa nthawi imeneyo anali mzinda wa utsi. Mafakitale osungunula zitsulo ankafuka osalekeza, moti amayi akayanika zovala zoyera panja zinkabwerako zili ndi timadontho takuda. Ankazikutumula uku akung'ung'udza kuti amene anawauza zoti kwa azungu n'kwaukhondo anawanamiza masanasana.

Nyumbayo bambo anaipeza movutikira. Akaimba foni ankauzidwa kuti chipinda chilipo, koma akafika pakhomo n'kuoneka nkhope yawo, chipinda chija chinali chitangotengedwa kumene. Anayenda mpaka nsapato zinatha zidendene. Tsiku lina bambo wina wachikuda amene anakhala naye mpando umodzi m'basi anawalozera katchalitchi ka anthu akuda, ka njerwa zofiira, ndi kuwauza kuti akafunse kumeneko. A kutchalitchiko anawatumiza kwa Mayi Tolliver, ndipo mayiwo anangowafunsa ngati amamwa mowa, basi n'kuwapatsa kiyi.

Mayi Tolliver anali gogo wamtali, wowonda, wamasiye, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Kuseka sanali kukudziwa kwenikweni. Lamlungu ankavala chipewa ndi magolovesi oyera, akuyenda chilili ngati mtengo wa bulugamu. Popeza amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba mpaka madzulo, ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala m'khitchini mwa gogoyu. Musaganize kuti ankandinyengerera. Ankandipatsa mbatata kuti ndisende, n'kumandidzudzula kuti ndikusenda ngati mwana wa munthu wolemera. Ndinayamba kuwatchula kuti Agogo. Poyamba anakana kuti iwo si agogo anga, koma ataona kuti sindikusiya anangotopa nane. Ndinkawakonda kwambiri, ngakhale kuti ndikanawauza akanandithamangitsa ndi chipande.

Vuto linayambira pa chakudya cha mpingo, nyengo yozizira itangoyamba. Chaka chilichonse anthu a katchalitchi kaja ankadyera pamodzi m'chipinda chapansi pokumbukira makolo awo amene anamanga kachisiyo. Chaka chimenecho anapempha bambo anga kuti alankhulepo, poti anali munthu wochokera ku Afirika weniweni. Tsono bambo anga, Mulungu awausitse mumtendere, anali munthu wabwino koma wokonda kulankhula pagulu kuposa kudya. Dziko lathu linali litangodzilamulira zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo iwo ankayenda nalo pachifuwa. Anaimirira, anakonza tayi, nayamba kutamanda mapiri a kwathu, mitsinje ndi ulemu wa anthu ake. Anthu ankagwedeza mitu mosangalala. Kenaka anati akuthokoza Mulungu kuti iwo anabadwa mfulu, mwana wa mfulu, ndipo mtundu wawo sunakhalepo akapolo a munthu.

Ndinamva foloko ikugwera pambale. Mayi wina anatsokomola, abusa n'kuyambitsa nyimbo mofulumira. Bambo anakhala pansi n'kunong'oneza amayi kuti, "Bwanji sanaombe m'manja anthuwa?" Amayi Chingerezi chawo chinali cha kuntchito basi, chotembenuzira odwala ndi kuwadyetsa, choncho sanamve bwino zimene zinanenedwa. Ine ndinamva zonse, ndipo ndinaona Mayi Tolliver akuvala magolovesi awo chakudya chisanathe.

M'mawa mwake anadikira bambo m'munsi mwa masitepe.

"Bambo Phiri, mwezi uno ukatha mupeze kwina," anatero.

"Talakwanji, amayi?"

"Nyumba ino anamanga ndi kapolo. Sindikufuna kuti ikudetseni."

Anatembenuka n'kutseka chitseko chawo. Bambo anakwera m'mwamba akufufuma. Ankayendayenda m'chipinda akunena kuti iwo ananena zoona zokhazokha. "Ndiapolojaize chiyani? Ndatukwana ndani?" Anayambiranso kuimba mafoni ndi kugogoda m'makomo, ndipo mayankho anali omwe aja. Kunja kunali kutayamba kugwa sinowo. Ine mantha anandigwira. Sindinkadziwa kumene tikanakagona mwezi ukatha, komanso mtima unkandipweteka poganiza kuti khitchini ija sindidzalowamonso.

Ndinapitirizabe kupita kumeneko ndikaweruka, chifukwa kunalibe kwina koti ndipite. Agogo sankandithamangitsa, koma sankandilankhulanso. Ine kukhala chete ndi matenda amene sindinadwalepo. Tsiku lina ndinangofunsa kuti, "Agogo, kapolo amene anamanga nyumbayi anali ndani?"

Anali akukwecha poto. Sanasiye kukwechako, ndipo nkhani yonse anaifotokoza atandifulatira, mwaukali, ngati akukalipira potoyo. Anali agogo awo aamuna. Anagwidwa ku Afirika ali mnyamata wa msinkhu wanga, akuingitsa mbalame m'munda wa mapira. Nthawi imeneyo malonda owolotsa anthu panyanja anali ataletsedwa kalekale, koma panali ena amene ankachitabe mozemba. Chombo chawo sichinafike padoko. Anawatsitsira m'madambo a bango ku Amerika, kutali ndi maso a boma, n'kuwagulitsa mwakabisira. Mnyamatayo anakulira m'minda ya thonje. Nkhondo itabuka m'dziko la Amerika anathawa ndi anzake, kulowera kumpoto, mpaka anafika kuno. Anapeza ena othawa ngati iye. Anaumba njerwa pamodzi, anamanga tchalitchi, kenaka nyumba, lero ya uyu, mawa ya uyo. M'tchalitchimo ankaphunzitsiramo ana awo kuwerenga. Anasonkherana n'kugula malo oti aziikapo akufa awo, kuti pasadzapezeke wowakaniza manda.

"Nayenso anabadwa mfulu, mwana wa mfulu," anatero. "Ndipo amene anamumanga chingwe m'khosi anali akuda ngati iwe ndi ine. Ine ndinamuona ndi maso angawa atakalamba. Akamva kuti mumzinda mwafika munthu wa ku Afirika, ankavala jekete kukamufunsa ngati kwawoko kuli anthu amene akufunafuna mwana wotayika. Ankati mayi ake ayenera kuti akumufunabe. Anamwalira popanda ndi mmodzi yemwe wobwera. Ndiye lero kubwere bambo ako kudzatiuza kuti iwo ndi oyera m'manja?"

Anaika poto uja pansi mwamphamvu n'kundiuza kuti ndisende mbatata.

Loweruka lake amayi ankandiluka tsitsi, ine nditakhala pansi pakati pa miyendo yawo. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira mawu a bambo mpaka nkhani ya mnyamata wa m'munda wa mapira. Ndinangomva manja awo aima m'mutu mwanga.

"Anamwalira liti munthuyo?"

"Kalekale, Agogo ali mtsikana."

"Ndipo wa kwathu sanafikepo ndi mmodzi yemwe?"

"Akuti palibe."

"Mayo ine," anatero amayi motsitsa mawu. "Ndiye ife takhala pamwamba pa maliro nthawi yonseyi, kumadya, kumaseka, osatsika n'komwe?"

Amene anakulira kwathu akudziwa zimene amayi ankatanthauza. Ukamva za imfa mochedwa, kaya unali kutali, kaya papita nthawi yaitali bwanji, sungangofika pakhomo la anamfedwa n'kuyamba macheza. Umayamba wapepesa. Umapita ndi kanthu m'manja, umakhala pansi, umalira nawo, iwo n'kukufotokozera mmene zinayendera. Kwa amayi anga nkhani sinalinso ya kiyi wa nyumba. Anali maliro amene anali asanapepesedwe.

Bambo atamva anaseka kaye. "Nabanda, munthu ameneyo anamwalira inu musanabadwe. Ndiponso tikudziwa bwanji kuti anali wa kwathu? Afirika ndi wamkulu."

"A Phiri," anatero amayi, "munaimirira pagulu n'kunena kuti mtundu wathu sunakhalepo akapolo. Munandifunsa ine?"

Ndipo anawauza zimene ngakhale ine ndinali ndisanamvepo. Agogo awo a amayi, ku Ntcheu, anali ndi mlongo wawo amene anapita kukadula bango kudambo osabwerako. Anthu anangopeza chikwakwa chake ndi mapazi a anthu ambiri. Banja lonse linali ndi manda pamalo amodzi, koma iye yekha analibe.

Bambo anayesa kudzitchinjiriza ndi sukulu. "Koma anthu ogwidwa kwathu ankapita nawo kum'mawa, osati ku Amerika."

"Munawaperekeza?" anafunsa amayi.

Amayi anapitiriza kuti, "Nyumba tichoka, zimenezo ndi zina. Koma ine sindingatuluke pakhomo la anamfedwa ndisanapepese. Inu mwamuna mumapita ndi nkhuni."

"Nkhuni? Ku Canada kuno? Nyumba yophikira gasi?"

"Ngati simukufuna khalani. Esinati, tiye, ukhala pakamwa panga."

Anamanga chitenje pamwamba pa chikhoti chawo cha mphepo, anavala duku, n'kuthira ufa m'beseni. Unali ufa wachikasu wa m'sitolo, umene ankaunyoza tsiku lililonse, koma tsiku limenelo anauvundikira ndi nsalu yoyera mwaulemu. Kuchokera kwathu kufika kwa Agogo kunali kungotsika masitepe ndi kugogoda chitseko cha khitchini. Amayi anakana. Anati pamaliro munthu salowera kuseri ngati wakuba. Tinatulukira khomo lathu la m'mbali, tinazungulira mpanda, tinafika mumsewu, kuti tikalowere pageti la kutsogolo. Kunali masana, dzuwa likuwala pa sinowo mpaka kuthobwa m'maso, ndipo amayi anali ndi beseni pamutu. Bambo wa nyumba yoyandikana nayo anasiya kukolopa galimoto lake n'kumatiyang'ana.

Titafika pageti amayi anayamba kulira. Sikunali kusisima kwa m'kampango kumene ndinkaona kuno. Kunali kulira kwa kwathu, kokweza, kochokera m'mimba. "Mayo, mwana wathu! Mayo, mlongo wanga ine!" Makatani a nyumba za tsidya la msewu anayamba kugwedezeka. Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze. Ndinkangoganiza kuti Lolemba sukulu yonse ikhala itamva zoti mayi a Esinati apenga.

Mayi Tolliver anatsegula chitseko ali ndi mantha. "Chachitika n'chiyani? Wamwalira ndani?"

Amayi anandiyang'ana. Ndinayankha m'Chingerezi kuti, "Agogo anu aamuna."

Amayi anawerama n'kulowa, anatula beseni pafupi ndi khomo, anavula nsapato. Mipando yofewa ya pabalaza anaidutsa n'kukakhala pansi, kutsamira khoma, miyendo atatambasula. Anandikoka kuti nanenso ndikhale. Analira kwa kanthawi, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje nayamba kulankhula, ine ndikumasulira.

"Pepani, amayi. Tamva mochedwa. Mwana anapita kumunda osabwerako. Tinamufuna m'tchire, tinamufuna m'madambo, sitinamupeze. Sitinadziwe kuti anafika kuno, kuti anamanga mudzi, kuti anabereka."

Mawu anga ankatuluka pang'onopang'ono ngati a udzudzu. Mayi Tolliver anati, "Kweza mawu, mwana iwe, ndimve." Ndinakweza.

"Amene anamugulitsa anali a kwathu," anapitiriza amayi. "Amene anamulira analinso a kwathu. Ine ndabwera ndi manyazi a awo ndi misozi ya awa. Zonse ndi zanga, sindikukana chilichonse."

Pamene ndinkatembenuza mawu amenewa ndinazindikira kuti manyazi aja andichokera. Ndinawayang'ana amayi anga, mayi amene kuntchito ankangowatuma ndi zala chifukwa cha Chingerezi chawo chothyokathyoka, ndipo ndinawanyadira.

Mayi Tolliver anafunsa kuti, "Kodi mukumudziwa? Anali wa mtundu wanu?"

"Sindikumudziwa," anayankha amayi. "Koma nafenso tili ndi wathu amene sanabwerere. Ngati wanuyu si wathu, ndiye kuti wathu anagona kwina, pakati pa anthu ena. Ndikufuna kumeneko kukapezeke munthu womulira."

Gogo uja anagwira mkono wa mpando. Mawondo ake anali a nyamakazi, ndipo kutsika masitepe a pakhonde kokha kunkamutengera nthawi. Koma anayamba kutsika pang'onopang'ono, mafupa akulira, mpaka anakhala pansi pambali pa amayi. Anaika mutu paphewa pawo n'kulira ngati mwana. Anali atausunga msozi umenewo kuyambira ali mtsikana. Panalibenso choti ndimasulire, choncho nanenso ndinangolira nawo.

Tili choncho, kunamveka kugogoda. Ndinatsegula n'kupeza bambo anga, opanda tayi, ali ndi kamtolo ka nthambi zouma zimene anatola kuseri kwa nyumba, atamanga ndi chingwe choyanikira zovala. Analowa, anatula mtolowo, ananjuta pafupi ndi khomo n'kuomba m'manja mofatsa, monga amuna amachitira kwathu. Munthu wokonda kulankhula uja tsiku limenelo ananena mawu ochepa kwambiri.

"Amayi, ndinalankhula ngati mwana. Pepani ndi maliro."

Mayi Tolliver anayang'ana bambo, anayang'ana nkhuni zija zikudontha madzi pa kapeti yawo. "Tsono zimenezi ndichite nazo chiyani?" anafunsa, ndipo anaseka misozi ili m'masaya. Aka kanali koyamba kuti ndione mano awo onse.

Atapuma anafunsa kuti mwambo wathu umati chiyani pambuyo pake. Amayi anati anamfedwa amafotokoza mmene munthu anamwalirira, kenaka amakaonetsa alendo manda. Choncho Mayi Tolliver anatifotokozera za masiku omaliza a agogo awo, kuti anadwala chifuwa, kuti mpingo wonse unkasinthana kuwadikirira, kuti anamwalira m'chipinda chomwe ife tinkagonamo. Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, anaimirira n'kuuza mpingo zimene zinachitika. Sanakometse, sanawonjezere. Nkhalamba zingapo zinati nazonso zipita nawo kumandako, poti zinali ndi awo ogona kumeneko amene sanapepesedwepo.

Kwathu mwana wa msinkhu umene ndinali nawo salowa kumanda. Pageti la mandawo ndinaima, kudikira kuti amayi andiuze kuti nditsale. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lowa. Ukawaone anthu amene anamanga pamene ukugona." Miyala yake inali yaing'ono, ina yopendekeka, ina yofufutika mayina. Agogo ankayenda patsogolo ndi ndodo, akutchula aliyense ndi ntchito yake. Uyu anali mmisiri wa matabwa, ndi amene anakhoma denga la tchalitchi. Uyu anali mzamba, theka la mpingo linabadwira m'manja mwake. Uyu ankaphunzitsa akuluakulu kulemba mayina awo. Pa manda a agogo a Mayi Tolliver, amayi anagwada n'kuchotsa sinowo ndi manja opanda magolovesi, bambo atavula chipewa.

Za nyumba panalibe amene anatchulapo. Amayi analetsa bambo kufunsa, ati chipepeso si malonda. Mwezi utatsala pang'ono kutha tinayamba kulongedza, ngakhale kuti kopita kunali kusanapezeke. Mayi Tolliver anakumana ndi bambo pamasitepe atanyamula katoni ya mabuku.

"Mukupita nazo kuti zimenezo?"

"Munati mwezi ukatha, amayi."

Mayi Tolliver anandiitana ine. "Funsa mayi ako. Kwanuko achibale akabwera pamaliro, amapepesa n'kunyamuka nthawi yomweyo?"

Ndinafunsa, ndipo amayi anayankha kuti ayi, amakhala kaye.

"Ndiye khalani kaye," anatero, n'kulowa m'khitchini mwawo.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene amayi analili nthawi imeneyo, ndipo ndikumvetsa zimene ndinkangoziona ndi maso. Bambo anga ankaganiza kuti ulemu wa munthu uli poti makolo ake sanamangidwepo chingwe. Koma anthu a katchalitchi kaja anali zidzukulu za anthu amene anafika opanda dzina, opanda chilankhulo chawo, opanda m'bale, n'kumanga mudzi umene unadzatilandira ife pamene mzinda wonse unkatitsekera zitseko. Sankafuna kuti tiwamvere chisoni. Chimene chinkasowa chinali munthu wochokera kutsidya kuja woti anene kuti, tinazindikira kuti mwasowa, ndipo tinakulirani. Ndimanyadira kuti amene ananena mawu amenewo anali mayi anga, ndipo anadutsira pakamwa panga.

Tinakhala m'nyumba ija mpaka Mayi Tolliver anamwalira, ine nditayamba sekondale. Tsiku la maliro awo amayi anafuna kukhala kumbuyo, koma akuluakulu a mpingo anawagwira dzanja n'kukawakhazika kutsogolo, pa benchi la anamfedwa. Mwambo utatha, anthu a mpingo uja anandanda pamzere, n'kumabwera mmodzimmodzi kudzawapepesa amayi anga.